Chachikulu Ndi Chiti Pamenepa?

Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ntchito mu ofesi ina kumene mwezi ukamatha tinkalemba lipoti la madandaulo amene anthu abweretsa. Mbali yanga inali kusonkhanitsa manambala n'kuwaika pa chithunzi choti akuluakulu aone pa msonkhano. Mwezi wina madandaulowo ndinawagawa m'magulu 11. Ndinatsegula pulogalamu ya pakompyuta ya Excel, n'kusankha galafu yozungulira ija imene amaitcha pie chart, gulu lililonse n'kulipatsa mtundu wakewake. Usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo, chifukwa chithunzicho chinkaoneka bwino ndithu.

Mawa lake, chithunzi chili pakhoma, bambo wina wachikulire amene anakhalitsa pa ntchitoyo anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi kansalu, n'kuvalanso. Kenako analoza ndi cholembera zigawo ziwiri, china chobiriwira china chofiirira, zimene zinali mbali zosiyana za bwalolo.

"Achimwene, tandithandizani. Chachikulu ndi chiti pamenepa, ichi kapena ichi?"

Ndinayang'anitsitsa, koma ndinagwira njakata. Ndinachita kutsegula pepala la manambala kuti ndiwayankhe. Iwo anangogwedeza mutu pang'ono nati, "Ndiye tikanangowerenga pepalalo." Sanakalipe, sanaseke. Koma mawuwo anandikhala mumtima, chifukwa kuseri kwa chigawo chilichonse kunali anthu enieni amene anabwera kudzadandaula, ndipo msonkhanowo unali woti usankhe vuto loyamba kulikonza. Chithunzi changa chinalephera kuyankha funso lokhalo limene anthu anasonkhanira.

Kuyambira tsiku limenelo ndisanakhudze kompyuta ndimayamba ndadzifunsa kuti diso la munthu woonayo ndikufuna liyerekeze chiyani ndi chiyani. Nkhani yonse ya kusankha galafu yagona pamenepo. Pulogalamu imakupatsa mitundu yambirimbiri yoti usankhepo, yonse ili ndondondo ngati ndi yofanana mphamvu, koma diso la munthu lili ndi zimene limatha bwino ndi zimene limalephera.

Izi zinayesedwa. Mu 1984 akatswiri awiri a ziwerengero, William Cleveland ndi Robert McGill, anaonetsa anthu magalafu osiyanasiyana n'kuwafunsa kuti anene kuti chinthu china ndi chachikulu bwanji poyerekeza ndi chinzake. Anapeza kuti anthu amalondola kwambiri pamene zinthuzo zaimikidwa pa mzere umodzi, zonse zikuyambira pamalo amodzi. Zikakhala zoti ayerekeze ngodya kapena kukula kwa malo, amaphonya kwambiri. Bambo aja sanali ndi vuto la maso. Ndinawapatsa ntchito imene diso la munthu aliyense siliitha.

N'chifukwa chake galafu ya mizati ndi imene ndimaidalira kuposa ina iliyonse pamene funso lili lakuti chachikulu ndi chiti, chotsatira ndi chiti. Mzati uliwonse umaimira gulu limodzi, kutalika kwake ndiye kuchuluka kwake, ndipo yonse yaponda pansi pamodzi. Ngakhale mwana wa sukulu amaona msanga mzati umene wapitirira unzake. Madandaulo aja nditawajambulanso ndi mizati, n'kuyamba ndi wautali kutsikira kwa waufupi, zinaonekeratu kuti magulu atatu oyambirira ndi amene anali ndi anthu ambiri, ndipo ena onsewo anali timizati tatifupi kumunsi. Kusanja kumeneku anthu ambiri amakuiwala. Amasiya mizati mmene inabwerera m'kaundula, kapena motsatira alifabeti, woonayo n'kumadumphadumpha ndi maso kufunafuna wautali. Pokhapokha magulu atakhala ndi dongosolo lawo lachibadwa, monga zaka za anthu kapena masiku a pamlungu, asanjeni kuyambira wamkulu. Ndipo mayina a magulu akakhala aatali, igonekeni mizatiyo cham'mbali kuti dzina liwerengeke popanda munthu kupendeketsa khosi.

Mbiri ya galafu imeneyi imandisangalatsa chifukwa inabadwa chifukwa cha kusowa. William Playfair, munthu wa ku Scotland, anatulutsa buku la zamalonda mu 1786. Pafupifupi zithunzi zonse za m'bukumo zinali za mizere yosonyeza mmene malonda a England ndi mayiko ena ankakwerera ndi kutsikira chaka ndi chaka. Koma pa za Scotland anali ndi manambala a chaka chimodzi chokha, kuyambira pa Khirisimasi ya 1780 kufika pa Khirisimasi ya 1781. Mzere sukanatheka, popeza panalibe zaka zoti uyendemo. Choncho anajambula mizati yogona, kuyerekeza katundu wolowa ndi wotuluka pakati pa Scotland ndi madera 17. Iye mwini ankaona kuti chithunzi chimenechi n'choperewera poyerekeza ndi zinzake, chifukwa munalibe nthawi. Komatu m'kusankha kwakeko muli lamulo limene tikugwiritsabe ntchito: pamene pali magulu osiyana pa nthawi imodzi, mizati; pamene pali chinthu chimodzi chikuyenda m'nthawi, mzere.

Pali chinthu chimodzi pa mizati chimene sindilolera, ndipo ndakanganapo nacho ndi anzanga. Mzati uyenera kuyambira pa ziro. Tiyerekeze kuti sukulu ina yakhoza ana 98 pa 100 alionse, ina yakhoza 100. Kusiyana kwake n'kochepa. Koma mukadula pansi pa galafu n'kuyambira pa 97, mzati woyamba ukhala wa muyezo umodzi, wachiwiri wa miyezo itatu, ndipo woona achoka akukhulupirira kuti sukulu yachiwiri yaposa inzake katatu. Palibe nambala yabodza imene yalembedwa, koma munthu waphimbidwa m'maso. Anthu ena amachita zimenezi mwadala pofuna kukometsa ntchito yawo. Ambiri amachita mosadziwa, chifukwa pulogalamu nthawi zina imadula yokha pansipo pofuna kudzaza malo. Kaya ndi dala kaya ndi ngozi, amene wasocheretsedwa ndi yemweyo. Mukajambula mizati, yang'anani nambala ya pansi penipeni musanatumize kwa wina aliyense.

Sindikunena kuti galafu yozungulira itayidwe. Ili ndi ntchito yake imodzi, ndipo imaigwira bwino: kusonyeza kuti chinthu chathunthu chagawika bwanji, pamene zigawo zili ziwiri, zitatu, mwina zinayi, ndipo chimodzi chikuoneka kuti ndi theka kapena kota. Diso limazindikira theka la bwalo mosavuta. Playfair yemweyo ndi amene anajambula yoyamba mu 1801, ndipo inali ndi zigawo zitatu zokha, kusonyeza mmene dziko la ufumu wa Turkey linagawikira pakati pa Asia, Europe ndi Africa. Zitatu, osati 11. Komanso zigawozo ziyenera kukwana 100 peresenti mukaziphatikiza. Ndinaonapo kafukufuku amene anthu analoledwa kusankha mayankho angapo pa funso limodzi, wolemba lipoti n'kuziika zonse m'bwalo, moti zigawo zinapitirira 100 kutali. Bwalo loterolo silitanthauza kanthu. Mayankho ngati amenewo malo ake ndi pa mizati.

Za magalafu otukumuka aja, ooneka ngati ali ndi thupi ndi mthunzi, ndingonena mwachidule: chigawo chimene chili kutsogolo chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili, cha kumbuyo chimafinyika. Ndinasiya kuwagwiritsa ntchito ndipo sindinawasowepo.

Galafu ya mzere ndi ya nthawi. Miyezi kapena zaka zimayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, mzere n'kumakwera kapena kutsika, ndipo chimene woona amawerenga si nambala iliyonse payokha koma mayendedwe ake. Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha wasayansi Charles David Keeling, amene mu 1958 anayamba kuyeza mpweya wa carbon dioxide pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii. Pa nthawiyo unali pafupifupi magawo 315 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Mu 2013 unafika pa 400, ndipo pano wapitirira 420. Mukauona mzerewo muli patali, ndi chitunda chokwera osapumira. Mukausendera pafupi, mupeza kuti uli ndi mano ngati a sowo, chaka chilichonse dzino limodzi. Mpweyawo umafika pamwamba cha mu Meyi, kenako umatsika mpaka cha mu Seputembala kapena Okutobala, chifukwa m'miyezi imeneyo nkhalango ndi minda za kumpoto kwa dziko lapansi, kumene kuli mtunda waukulu, zimakhala zaphuka masamba ndipo zikukoka mpweyawo. Masamba akayoyoka n'kuola, umakweranso. Nditamvetsa zimenezi koyamba ndinakhala kanthawi ndikungouyang'ana mzerewo. Nkhani ziwiri, ya chaka chimodzi ndi ya zaka zoposa 60, zili mu mzere umodzi, ndipo palibe tebulo la manambala limene likanandionetsa zonsezo nthawi imodzi.

Mudzaona kuti galafu ya Keeling siyambira pa ziro, ndipo palibe cholakwika. Apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Pa mizati uthenga uli m'kutalika kwa mzati, choncho kudula pansi n'kudula uthenga. Pa mzere uthenga uli m'kukwera ndi kutsika, ndipo mukakakamira ziro mungaphwatalale zonse mpaka kusintha kofunika kusaoneke. Taganizani za namwino amene akulemba kutentha kwa thupi la wodwala. Kusiyana kwa madigiri 37 ndi 40 ndi nkhani ya moyo, koma pa galafu yoyambira pa ziro kungaoneke ngati kakhwinya chabe. Chofunika n'kulemba manambala a m'mbaliwo moonekera, kuti woona adziwe pamene mwayambira.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kulumikiza ndi mzere zinthu zimene sizitsatana. Wina amaika madipatimenti asanu a kampani cham'munsi, n'kukoka mzere kuchoka pa loyamba kupita pa lachiwiri, ngati kuti pakati pa dipatimenti ya ndalama ndi ya magalimoto pali ulendo. Mzere umauza diso kuti chinthu chinayenda kuchokera apa kukafika apo. Ngati sichinayende, musachilumikize. Chinanso ndi kuunjika mizere 10 kapena 12 pa galafu imodzi mpaka kupiringizana ngati ulusi. Ndikakhala ndi yambiri chotero, ndimapatsa mtundu wowala mzere umodzi kapena iwiri imene nkhani ikukhudza, yotsalayo n'kuisiya yotuwa kumbuyo, kapena ndimajambula timagalafu ting'onoting'ono tambiri tokhala ndi muyezo wofanana, kalikonse ndi mzere wake. Ndipo dzina la mzere ndimalilemba kumapeto kwa mzerewo, osati m'kabokosi kapambali kamene kamachititsa munthu kubwerera kangapo kukafananiza mitundu. Pali anthu ambiri, makamaka amuna, amene sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndipo sangakuuzeni pa msonkhano.

Pali galafu ina yofanana ndi ya mizati koma funso lake ndi lina, histogram. Dzinali analipereka ndi katswiri wa ziwerengero Karl Pearson cha m'ma 1890. Mizati yake imagundana popanda mpata, chifukwa siimira magulu osiyana koma zigawo za muyezo umodzi wopitirira, monga mphindi 0 mpaka 10, 10 mpaka 20, mpakana kumapeto. Imayankha funso lakuti manambala aunjikana pati ndipo amwazikana bwanji. Ine ndinaiphunzira kuikonda chifukwa cha avereji. Tinene kuti lipoti likuti anthu amadikira pa mzere mphindi 30 pa avereji. Zikumveka ngati aliyense amakhala theka la ola. Koma n'kutheka kuti theka la anthuwo amathandizidwa m'mphindi 5, theka linalo limakhala mphindi 55. Avereji ndi 30 ndithu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anadikira mphindi 30. Histogram ingakuonetseni mapiri awiri ndi chigwa pakati, ndipo mungayambe kufunsa kuti a phiri lachiwiriwo ndi ndani, nanga n'chifukwa chiyani iwo okha akuchedwa. Mukafuna kuyerekeza kumwazikana kotereku m'magulu angapo nthawi imodzi, pali box plot, galafu ya kabokosi kosonyeza pamene manambala apakati aunjikana, imene katswiri wa ziwerengero John Tukey anaifalitsa m'zaka za m'ma 1970, koma imafuna kuti woona akhale ataphunzitsidwa kuiwerenga, choncho sindiipereka kwa aliyense.

Kenako pali galafu ya madontho, imene imafunsa ngati zinthu ziwiri zimayendera limodzi. Dontho lililonse ndi munthu mmodzi kapena chinthu chimodzi, malo ake cham'mbali akusonyeza muyezo woyamba, cham'mwamba wachiwiri. Madontho akakhala mbwee paliponse, palibe mgwirizano. Akandandalika motsetsereka, pali kanthu. Amene anandiphunzitsa kuilemekeza ndi katswiri wa ziwerengero Francis Anscombe, ndi zimene anachita mu 1973. Anakonza magulu anayi a manambala, lililonse la madontho 11. Mukawerengetsa masamu, magulu onse anayi amafanana: avereji ya muyezo woyamba ndi 9, ya wachiwiri ndi 7.5, mphamvu ya mgwirizano, pa muyezo umene umathera pa 1, ndi pafupifupi 0.82, ndipo mzere wodutsa pakati pawo ndi umodzimodzi. Munthu wongoona zotsatira za masamu angalumbire kuti ndi chinthu chimodzi. Koma mukawajambula, gulu loyamba ndi madontho omwazikana pang'ono m'mbali mwa mzere wokwera. Lachiwiri ndi uta wosalala, wokwera kenako n'kuwerama. Lachitatu ndi mzere woongoka bwinobwino, kupatula dontho limodzi limene lathawira m'mwamba. Lachinayi ndi madontho 10 osanjikizana pamalo amodzi, ndi limodzi lokha kutali kumanja, ndipo dontho limodzi limenelo ndi limene likupanga mgwirizano wonsewo. Kuyambira pamene ndinaona zithunzi zinayizi, sindikhulupirira avereji iliyonse ndisanaone madontho ake. Ndipo galafu yoyamba imene ndimajambula pa ntchito iliyonse si ya msonkhano, ndi yanga ndekha, yoti ndione zimene ndanyamula.

Madontho akayendera limodzi, mtima umathamangira kunena kuti ichi ndiye chikuchititsa icho. Galafu sinena zimenezo. Pakati pa ana a pulayimale, amene amavala nsapato zazikulu amawerenganso bwino, koma si phazi limene likuwerenga, ndi msinkhu umene ukukulitsa zonse ziwiri.

Funso likakhala lakuti kuti, yankho ndi mapu. Mu 1854 kolera inabuka ku Soho mu mzinda wa London n'kupha anthu oposa 600. Dokotala John Snow anayenda nyumba ndi nyumba kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo anakopa akuluakulu a deralo kuti achotse chogwirira cha mjigo wa pa Broad Street, zimene anachita pa 8 Seputembala. Anthu ambiri amasimba ngati kuti mapu ndi amene anamuululira chinsinsi, koma mapuwo anawatulutsa pambuyo, pofuna kukhutiritsa anthu amene ankakhulupirira kuti kolera imayenda ndi mpweya wonunkha. Pa nyumba iliyonse anaika kamzere kakuda pa munthu aliyense womwalira, ndipo timizereto tinaunjikana bii kuzungulira mjigowo. Vuto la mapu amakono, opakidwa mitundu chigawo ndi chigawo, n'lakuti dera lalikulu la anthu ochepa limadzaza diso, pamene mzinda wothithikana umangokhala kadontho. Ndipo mukapaka potsatira chiwerengero chonse cha odwala, mapuwo amangosonyeza kumene kumakhala anthu ambiri. Gawani kaye ndi chiwerengero cha anthu a m'deralo, kuti mukhale ndi odwala pa anthu 1,000 kapena 100,000 alionse.

Nthawi zina galafu siifunika n'komwe. Ngati muli ndi manambala awiri, anenereni m'chiganizo. Ngati woona akufuna nambala yeniyeni ya dera lake kuti akaigwiritse ntchito, mpatseni tebulo. Ndipo mukajambula, mutu wa galafu ukhale zimene mwapeza. M'malo molemba kuti "Madandaulo a mwezi uno", ine ndimalemba kuti "Magulu atatu ndi amene ali ndi madandaulo ambiri". Ndikalephera kulemba chiganizo choterocho, ndimadziwa kuti sindinamvetse manambala anga, ndipo sindinakonzeke kuwaonetsa munthu wina.

Nditanena zonsezi zotsutsa mabwalo, ndiyenera kuvomera kuti galafu imene imandikhudza mtima kuposa zonse ndi yozungulira. Namwino wa ku Britain Florence Nightingale atabwerako ku nkhondo ya ku Crimea, kumene ankasamalira asilikali a Britain m'chipatala cha ku Scutari, anali ndi chinthu chimodzi choti auze akuluakulu a boma ndi a asilikali: anyamatawo ambiri sanafe ndi zipolopolo, anafa ndi matenda opewedwa, obwera chifukwa cha uve, madzi oipa ndi kuthithikana. Manambala anali nawo, koma ankadziwa kuti anthu amene akufuna kuwakopawo sawerenga matebulo. Mu 1858 anatulutsa chithunzi cha mabwalo awiri, lililonse la chaka chimodzi, logawidwa m'zigawo 12 monga miyezi. Ngodya za zigawozo zinali zofanana, koma chigawo chilichonse chinkatuluka kutali kapena pafupi malinga ndi kuchuluka kwa imfa za mwezi umenewo. Imfa za mabala anazipaka zofiira, za zifukwa zina zakuda, za matenda opewedwa za buluu.

Malinga ndi zimene Cleveland ndi McGill anadzapeza patapita zaka zoposa 100, chithunzichi chimapatsa diso ntchito yovuta, chifukwa uthenga uli m'kukula kwa malo. Simungachiyang'ane n'kunena molondola kuti Disembala anaposa Novembala ndi zingati. Koma limenelo silinali funso lake. Iye ankafuna kuti nduna imene ili ndi mphindi imodzi yokha ione kuti buluu wameza chofiira, ndipo kusiyanako kunali kwakukulu moti diso silikanaphonya. Bwalo loyamba, la Epulo 1854 mpaka Malichi 1855, limafufuma moopsa likafika pa Januwale 1855, buluu atatambasuka kutali, chofiira chili kachigamba pafupi ndi pakati. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho kunafika gulu lotumidwa ndi boma kudzakonza ukhondo, kutsuka ngalande za zonyansa ndi kulowetsa mpweya m'zipinda za odwala. Bwalo lachiwiri, la Epulo 1855 mpaka Malichi 1856, analiika pambali pa loyambalo ndi muyezo womwewo, ndipo zigawo zake za buluu zimanka zifota, mpaka m'miyezi yomaliza zimangotsala tizidutswa tating'ono pafupi ndi pakati pa bwalo.